PHUNZIRO 23: ULENDO WA KU ZOMBA M'NYENGO YOZIZIRA

Amayi ndi abambo, chimanga chalowa m'nkhokwe, mpunga tapuntha, nandolo akadali kumunda kudikira nthawi yake. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi imene khasu limapumako. Ndi miyezinso ya zikondwerero. Pa 25 Juni timakumbukira ufulu wa dziko lathu la Mozambique umene tidalandira mu 1975, ndipo pa 6 Julayi anzathu a ku Malawi amakumbukira ufulu wawo wa mu 1964.

M'phunziro lino tiwerenga za ulendo umene gulu la sukulu ya akuluakulu lingathe kuyenda m'miyezi imeneyi, ulendo wa ku mzinda wa Zomba. Tikaonako malo a mbiri yakale, tikakwera phiri, ndiponso tikaona kumene kumachokera madzi ambiri a nyanja ya Chilwa imene imatidyetsa ife a kuno ku Mecanhelas.

Zomba ali kuti?

Mukaima m'mbali mwa nyanja ya Chilwa tsiku lopanda mitambo, n'kuyang'ana kumene dzuwa limalowera, mumaona phiri lalikulu lotambalala kutsidya. Phiri limenelo ndilo Zomba, ndipo mzinda uli m'tsinde mwake. Ambiri a ife tili ndi abale kumeneko. Ena adakwatiwa konko, ena adathawirako nthawi ya nkhondo imene idatha pa 4 Okutobala 1992. Chinenero n'chimodzi, ndipo wotchi yathu ndi yawo zimayenda chimodzimodzi.

Njira yodziwika ndi yotulukira pa chipata cha Entre-Lagos n'kulowa pa Nayuchi. Pamenepo ndi pamene padadutsa njanji yochokera ku Cuamba kupita ku Liwonde, imene idatsegulidwa mu 1970. Kuchoka pa Liwonde kukafika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 50 pa msewu wa tala. Ena amawoloka nyanja pa bwato mpaka pa doko la Kachulu, limene lili pafupi ndi chilumba cha Chisi. Koma kumbukirani kuti m'Juni ndi m'Julayi mphepo ya mwera imawinduka, choncho gulu lokhala ndi ana ndi okalamba lidzere kumtunda.

Musanyamuke popanda zikalata. Pitani kwa akuluakulu a pachipata kukadali masiku, mukafunse chikalata chimene chikufunika kwa wamkulu ndi kwa mwana. Funsaninso masiku amene galimoto kapena sitima imayenda. Ndalama ya kwathu ndi metikali, ya kumeneko ndi kwacha, ndiye posintha werengani nokha kawiri. Paja safunsa adadya phula.

Mbiri ya mzindawu

Eni dera la Zomba akalekale anali Amang'anja, alimi ndi osula zitsulo. Cha m'ma 1860 kudafika Ayao ochokera m'mapiri a kuno ku Niassa. Mfumu Malemia adakhazikika cha ku Domasi, ndipo mfumu Kawinga adamanga linga lake pa phiri la Chikala, limene mudzaliona poyenda pakati pa Nayuchi ndi Liwonde. Kawinga adalimbana ndi Angerezi mpaka adamgonjetsa mu 1895.

Mzungu David Livingstone adafika pa nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. Mabuku ena akale amalemba ngati kuti iye ndiye adayamba kuiona nyanjayi. Nanga amene adamulondolera njira anali yani? Makolo athu anali akuvuula matemba m'menemo iye asanabadwe n'komwe.

Mu 1891 Angerezi adalanda dziko la kutsidyalo n'kuika likulu lawo ku Zomba, chifukwa n'kozizira bwino ndiponso madzi a m'phiri sauma. Mu 1907 dzikolo adalitcha Nyasaland. Litalandira ufulu mu 1964, Zomba adakhalabe likulu mpaka 1975, chaka chomwe ife tidalandira ufulu wathu. M'chaka chimenecho likulu lidasamukira ku Lilongwe, koma aphungu adapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Tsiku loyamba: malo a m'tauni

Malo oyamba kuwaona ndi chipilala cha asilikali. Ndi nsanja yaitali ya njerwa yokhala ndi wotchi, ili pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe, cha ku msewu wopita ku Blantyre. Adaimanga pokumbukira asilikali a gulu la King's African Rifles, lija akuluakulu ankalitcha Keyala, amene adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Nkhondo imeneyo siinali ya kutali ayi. Mu Novembala 1917 asilikali a Germany adawoloka mtsinje wa Rovuma n'kulowa m'dziko lathu, ndipo kumapeto kwa Ogasiti 1918 adamenyana ndi a Keyala pa Lioma, m'boma la Gurúè, kuseri kwa Cuamba. Anthu wamba ambirimbiri a mbali zonse ziwiri za malire adagwidwa kuti akhale atengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu. Ambiri adafa ndi njala ndi matenda, ndipo minda yawo idagonera. Mukafika pa chipilalacho imani, muwerenge zolembedwazo pang'onopang'ono. Mukumbukirenso atengatenga amene adatsala m'tchire popanda wowalemba dzina.

Malo achiwiri ndi nyumba yakale yotchedwa Masongola, chifukwa cha nsanja zake zosongoka. Adaimanga ndi John Buchanan mu 1886, ndipo Harry Johnston, woyamba kulamulira dzikolo m'dzina la Angerezi, ankakhala m'menemo. Pambuyo pake idasanduka hotela. Buchanan anali mlimi, ndipo ndi mmodzi wa oyamba kulima khofi m'dera limenelo. Koma poyang'ana khomalo dzifunseni kuti, kodi adaumba njerwazi ndani? Adasenza mitengo ya dengali kuchokera m'phiri ndani? Anali anthu onga ife tomwe.

Malo achitatu ali pafupi pomwepo, ndiwo munda wa mitengo ndi maluwa wa boma, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Udayamba mu 1891, ndipo woyang'anira wake woyamba anali Alexander Whyte. Ntchito ya mundawo inali kuyesa mbewu zachilendo pa malo ochepa kuti aone ngati zingalole nthaka ndi nyengo ya kumeneko. Mlimi atolepo nzeru apa: mbewu yatsopano tiyambe taiyesa pa mizere yochepa, tisanaibzale munda wonse.

Malo achinayi ndi nyumba za boma zakale, pamodzi ndi Nyumba ya Malamulo yakale. Mu mzinda womwewu muli nyumba yosungiramo zikalata zakale za dziko la Malawi, imene idakhazikitsidwa mu 1947. Mulinso Yunivesite ya Malawi, pa malo amene koleji ya Chancellor idasamukirapo mu 1973. Taonani mphamvu ya kulemba. Mawu a pakamwa amatha ndi mwini wake, koma kalata yolembedwa zaka 100 zapitazo ikadalankhulabe mpaka lero. Amene akuphunzira pa yunivesite nawonso adayambira pa a, e, i, o, u, monga mmene tayambira ifemu.

Madzulo pitani kumsika. Onani mbewu zimene zikugulitsidwa, funsani mitengo yake, muilembe m'kope. Mudzapezanso matemba ndi milamba ya m'nyanja yathu yomwe ija. Yerekezani mtengo wa kumeneko ndi wa pa doko kwathu.

Tsiku lachiwiri: kukwera phiri

Tauni ya Zomba ili pa mamita opitirira pang'ono 900 kuchokera pa nyanja yamchere. Nsonga yaitali ya phirili, yotchedwa Malumbe, ili pa mamita 2,087. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake m'tauni mukhoza kuyenda ndi malaya okha, koma pamwamba mano n'kumagundana.

M'miyezi imeneyi kumabweranso chiperoni, ndiye kuti nkhungu ndi mvula yowaza yozizira imene imatha masiku awiri kapena atatu. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone, la kwathu konkuno ku Zambézia, m'boma la Milange, chifukwa mitamboyo imadzera mbali imeneyo. Mukadzuka n'kuona kuti phiri lafunda nkhungu, musakwere. Dikirani, tsikulo mukacheze ndi abale.

Pali msewu wa tala wokhotakhota wokwera phirili mpaka ku hotela ya Ku Chawe. Koma oyenda pansi ali ndi njira yawo yachidule yotchedwa Potato Path, kutanthauza njira ya mbatata, chifukwa alimi ankatsikira m'menemo ndi mbatata ya kachewere kupita nayo kumsika. Ndi njira ya chikweza ndithu. Woyenda mosathamanga awerengere maola awiri kapena kupitirirako.

Mukafika pamwamba mudzadabwa. Phirili silosongoka ayi, ndi lotambalala ngati mbale yaikulu, ndipo m'kati mwake muli nkhalango, madambo ndi mitsinje. Muli damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse. Muli mathithi a Williams ndi a Mandala, ndipo madzi ake ndi ozizira zedi. M'mbali mwa msewu anthu amagulitsa zipatso zokonda malo ozizira, zimene kwathu kuchigwa sizilola.

Kuchoka pamenepo njira zili pawiri. Ya kum'mawa imakafika pa malo awiri oonerapo patali. Ena amatchedwa Queen's View, pokumbukira mayi wake wa Mfumukazi Elizabeth II amene adafikapo mu 1957. Ena amatchedwa Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene adafikapo mu 1965. Njira ya kumadzulo imakafika ku Dzenje la Chingwe, dzenje lakuya lobisika m'zitsamba, pafupi ndi phompho loyang'ana kuchigwa cha mtsinje wa Shire. Anthu a kumeneko amasimba kuti kale m'dzenjemo ankaponyamo adani a mafumu ndi anthu odwala khate. Musasendere m'mphepete mwake, ndipo ana muwagwire padzanja.

Malo awiriwa ndi otalikirana, ndipo woyenda pansi sangawathe bwino onse pa tsiku limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Ife a ku Mecanhelas tisankhe njira ya kum'mawa, chifukwa kumeneko ndiko tikaone kwathu.

Malamulo a m'phiri

1. Nyamukani m'mamawa kutangoyera, ndipo yambani kutsika dzuwa likapendeka. M'Juni ndi m'Julayi kumada msanga, 6 koloko isanakwane.
2. Tengani munthu wodziwa njira wa konko. Gwirizanani malipiro ake musanayambe ulendo.
3. Yendani pamodzi. Wofooka atsogole, wamphamvu atsalire m'mbuyo. Werengani anthu ponyamuka, popuma ndi pofika.
4. Aliyense atenge juzi kapena chitenje chapadera, nsapato zogwira bwino ndi botolo la madzi.
5. Kamba akhale wosavuta kunyamula: mbatata yootcha, chinangwa chophika, mtedza wokazinga, nthochi.
6. Nkhungu ikakupezani panjira, imani pamodzi mpaka ichoke. Musafunefune njira yachidule.
7. Musasonkhe moto, musataye chotsalira cha fodya, musathyole mitengo. Anyani musawapatse chakudya.
8. Amene ali ndi vuto la mtima kapena la chifuwa, ndi amayi oyembekezera, akwere pa galimoto kapena atsale m'tauni. Palibe manyazi pamenepo.

Zimene tikaone tili pamwamba

Pa Emperor's View khalani pansi, mupume, muyang'ane kum'mawa. Kudzanja lamanja mudzaona phiri la Mulanje. Kutsogolo kwanu kuli chigwa chachikulu, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi. Kuseri kwa nyanjayo, kumene kukuoneka mapiri obiriwira patali, ndiko kwathu. Mzere wa malire simudzauona. Mudzaona chigwa chimodzi, madzi ake onse akutsikira malo amodzi.

Tsopano tsatirani madziwo ndi maso. Mphepo yochokera kunyanja yamchere ikagunda phiri imakwera, ikakwera imazizira, ikazizira imagwetsa mvula. Motero phiri limalandira mvula yambiri kuposa chigwa. Pamene pali mitengo ndi udzu, masamba ogwa ndi mizu zimagwira madziwo, ndipo amalowa pansi n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe chaka chonse. Mulunguzi amatsika m'phirimo n'kukathira mu Likangala. Likangala ndi Domasi amakathira m'nyanja ya Chilwa. Mitsinje ina monga Phalombe ndi Sombani imachokera mbali ya Mulanje, ndipo Mnembo amachokera kwathu kuno.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiponso ndi yosaya. Imadalira mvula ndi mitsinje imeneyi basi, pamene dzuwa ndi mphepo zikumwa madzi ake tsiku ndi tsiku. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, nyanja imaphwa. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'aluka. Akuluakulu muli m'kalasi muno mukukumbukira mmene mabwato adakhalira pamtunda, matemba, makumba ndi milamba zitasowa.

Chilala sitingachiletse. Koma pali china chimene chili m'manja mwa anthu. Phiri la Zomba lidaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913, ndipo pambuyo pake boma lidabzalamo paini wambiri wa matabwa. Lero mukayang'ana m'mbali mwa phirili mudzaona malo ambiri ali mbee, mitengo itatha ndi nkhwangwa, makala ndi moto wolusa. Pa malo otere mvula siilowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi, kukokolola nthaka n'kukaitaya m'mitsinje ndi m'nyanja. Dzinja madzi osefukira, chilimwe mtsinje gwaa. Matope akamadzaza m'nyanja yosaya kale, nyanjayo siichedwa kuphwa.

Phiri likakhuta madzi limathanso kugumuka. Mu Disembala 1946 kudagwa chimvula choopsa ku Zomba, miyala ndi matope zidatsika m'phiri, kugumula milatho ndi nyumba, ndipo anthu adafa. Anthu amati kudadutsa Napolo. Zoterezi zidachitikanso ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso m'maboma ambiri a kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy amene adasakazanso ku Zambézia. Madzi saiwala khwawa. Womanga nyumba kapena wolima m'khwawa akuika moyo pachiswe.

Zobwera nazo kumudzi

Wopita kutali sabwera chimanjamanja. Koma mphatso yoposa sopo ndi shuga ndi nzeru ya kumunda. Zimene zikuchitika m'phiri la Zomba zikuchitikanso pa timapiri tathu ndi m'mbali mwa mitsinje yathu. Nyanja ndi imodzi, choncho wodula mitengo kutsidya amalanga msodzi wa kuno, ndipo wodula kuno amalanga wa kutsidya. Tikabwerako tichite izi:

Tisatenthe mapesi. Tiwakwirire m'mizere kapena tiwaunjike ndi ndowe ndi phulusa kuti apange manyowa.

Pa munda wotsetsereka mizere ipingase chitunda, isatsike nacho. M'malire mwake tibzale udzu wa vetiva kuti ugwire nthaka.

Polima dimba tisiye mpata pakati pa mbewu ndi mtsinje. Bango, nsungwi ndi mitengo ya m'gombe tisazidule.

Tilambule njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi ndi kumanda udzu usanaumitsitse. Mbewa imodzi isatenthetse tchire lonse.

Tiyambe nazale ya mitengo nyengo ino, kuti mbande zidzakhale zokonzeka mvula ikadzagwa. Nsangu amawonjezera chonde m'munda, mbawa imapatsa matabwa, mango ndi mapapaya amadyetsa ana.

Ulendowu ufuna ndalama, ndipo si onse angapite. Mutu umodzi susenza denga. Gulu lisonkhe pang'onopang'ono pogulitsa mbewu, lisankhe mlembi ndi msungichuma, ndipo zonse zilembedwe m'kope loonekera kwa aliyense. Ngati ndalama zachepa, tumani anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, adzatifotokozere. Otsala akwere phiri limene lili pafupi ndi mudzi wawo, akaone kumene madzi a m'minda yawo amachokera ndi kumene amapita.

Mawu oti tiwerenge ndi kulemba

phi-ri, phiri
nya-nja, nyanja
mtsi-nje, mtsinje
nkhu-ngu, nkhungu
chi-pi-la-la, chipilala
nkha-la-ngo, nkhalango
ka-su-pe, kasupe

Lembani m'kope mwanu ziganizo izi:
Mitengo imasunga madzi.
Madzi a m'phiri amadyetsa nyanja.
Moto wolusa ndi mdani wa mlimi ndi msodzi.

Mafunso

1. Kodi chipata chimene timatulukira popita ku Liwonde dzina lake n'chiyani?
2. Zomba adasiya kukhala likulu la Malawi chaka chiti? Nanga kwathu kudachitika chiyani chaka chimenecho?
3. Atengatenga anali yani, ndipo adavutika bwanji?
4. Dzina loti chiperoni lidachokera kuti?
5. Tchulani mitsinje itatu imene imathira m'nyanja ya Chilwa.
6. Chifukwa chiyani mtsinje wochokera m'phiri lopanda mitengo umauma msanga?

Masamu

1. Zomba adakhala likulu kuyambira 1891 mpaka 1975. Ndi zaka zingati?
2. Nyanja ya Chilwa idauma mu 1968 ndi mu 1995. Padapita zaka zingati pakati pake?
3. Munthu wanyamuka pa mamita 900 ndipo wafika pa mamita 2,087. Wakwera mamita angati?
4. Gulu lili ndi anthu 12, ndipo aliyense afuna mbatata zootcha 3. Tiotche mbatata zingati?
5. M'kalasi muli anthu 25. Aliyense akabzala mitengo 8, yonse idzakhala ingati?

Zokambirana

Khalani m'magulu a anthu asanu. Wamkulu wa zaka zambiri m'gulumo afotokoze mmene mtsinje wa pafupi ndi mudzi wanu unalili iye ali mwana: unkauma mwezi uti, m'mbali mwake munali mitengo yanji, munkagwidwa nsomba zanji. Wina alembe zimene zanenedwazo, ngakhale mawu asanu okha. Kenaka gwirizanani malo amodzi amene mudzabzalepo mitengo chaka chino, ndipo mukawauze amfumu.

Pa phunziro lotsatira aliyense abwere ndi njere za mtengo umodzi wa m'dera lathu, atalemba yekha dzina lake pa kapepala. Tidzaphunzira kakonzedwe ka nazale.